Inu obwerera kukapereka magazi, chimakubwezani n'chiyani?

Tiya wa ku Kalingalinga: Mwauka bwanji makolo ndi abale nonse. Ndili ndi funso kwa amene mumapereka magazi nthawi ndi nthawi. A ZNBTS, bungwe loona za magazi muno mu Zambia, anabwera kusukulu kwathu ku yunivesite ya UNZA, ine n'kupereka koyamba chifukwa anzanga onse anali pamzere. Anandipatsa kakhadi, amvekere pakatha miyezi 4 ndidzabwerenso. Tsopano miyeziyo yakwana koma mtima sukundikoka. Palibe wachibale amene akudwala, palibenso amene wandipempha. Ndiye ndifunse inu amene mumapita nokha popanda wokuitanani: chimakudzutsani n'chiyani?

Amake Dalitso (Mtendere): Tauka bwino mwanawe. Wafunsa bwino, dikira nditsirize kugulitsa tomato wa m'mawa ndikuyankhe mofatsa.

Mwale wa ku Garden: Ine changa n'chachidule. Atandiyeza anandiuza kuti gulu la magazi anga ndi O negative, ndipo mwa ife anthu akuda ali ndi gulu limeneli ndi ochepa kwambiri. Magazi amenewa amatha kuthiridwa kwa munthu wa gulu lililonse pamene palibe nthawi yoyeza, koma ineyo nditadwala sindingalandire ena kupatula a O negative omwewo. Nditamva choncho ndinaona kuti kwinakwake muno mu Lusaka muli anthu ochepa amene moyo wawo ukudalira anzawo ochepanso. Ndikakhala pakhomo ndiye kuti ndawachepetseratu.

Amake Dalitso (Mtendere): Ndabwera tsopano. Tiya, ine ndili moyo chifukwa cha magazi a anthu amene sindidzawaona nkhope. Dalitso ndinaberekera pakiliniki ya m'komboni mwathu, mwana anatuluka bwinobwino akulira, anamwino n'kundiyamikira. Posakhalitsa ndinamva kuzizira kuyambira kumapazi, maso akuchita mdima, nsalu zonse zanyowa. Chiberekero chinakana kubwerera. Anandikweza ambulansi, ndipo zimene zinachitika m'njira ndinachita kuuzidwa.

Atate ake a Dalitso anali panja akuimba mafoni. Alongo anga ali ku Katete, achemwali anga ali ku Chadiza. Ngakhale akanakwera basi yoyamba, akanafika pa siteshoni ya mabasi ya Intercity dzuwa litapendeka, ine atandifunditsa kale nsalu kumutu. Koma pamene iwo ankaimba mafoniwo, thumba loyamba linali litapachikidwa kale pachitsulo, magazi akulowa. Munthu wina anali atapita kukapereka masabata angapo m'mbuyomo, tsiku limene iye analibe vuto lililonse, monga mmene ulili iweyo lero. Mwana atasiya kuyamwa ndinapita kukayamba, mpaka lero sindinasiye. Msika ndimasiyira mnzanga wa benchi loyandikana nalo, ndikabwerako ndimapitiriza kugulitsa.

Sista NaPhiri: Amake Dalitso mwanena zimene ife azamba timaona usiku ndi usana. Mayi akataya magazi okwana 500 ml kapena kuposa atangobereka, timadziwa kuti zinthu zavuta, ndipo ngati sathandizidwa, ngakhale mayi wathanzi atha kutisiya m'maola awiri okha. Kutaya magazi kotere ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene amayi amafera pa uchembere.

Pali chinthu chimene achibale ambiri sachidziwa mpaka tsiku latsoka. Amabwera akupinda malaya, "Sista, tengani anga muwapatse." Mtima ndi wabwino, koma magazi sachoka pamkono wa uyu n'kulowa pamkono wa uyo. Thumba lililonse liyenera kupita kukayezedwa HIV, hepatitis B, hepatitis C ndi chindoko, ayeze gulu lake, kenaka aone ngati akugwirizana ndi a wodwalayo. Zimenezi sizitha pamene mayi akukha magazi pabedi. Amene amapulumutsa mayi wa lero ndi munthu amene anapereka sabata yatha kapena mwezi watha. Ndipo magazi sakhalitsa: maselo ofiira amasungidwa m'furiji yozizira pakati pa madigiri 2 ndi 6 kwa masiku 35 mpaka 42 basi, ma platelets, tizidutswa tothandiza magazi kuundana pabala, masiku 5 okha. Ndiye ngakhale Lusaka yense atapereka tsiku limodzi, pakatha mwezi ndi theka tidzayambiranso kusowa. N'chifukwa chake timalira anthu obwerera, osati a tsiku limodzi.

Tiya wa ku Kalingalinga: Za masiku 42 sindimadziwa. Ine ndimayesa amangowunjika m'furiji mpaka chaka.

Sista NaPhiri: Chimene chimatha chaka ndi plasma, madzi achikasu a m'magazi aja, akawaumitsa. Maselo ofiira ayi.

Sakala wa minibasi: Pepani akuluakulu, ine ndilankhula zosiyana. Nkhani zanu n'zogwira mtima koma ine sindipereka, ndipo chifukwa ndili nacho. Mwana wa alongo anga anagundidwa ndi galimoto, tinathamangira naye kuchipatala china, sinditchula. Anati magazi kulibe. Tinakhala pabenchi usiku wonse. Cham'bandakucha kunabwera munthu wina m'khonde n'kundikokera pambali, akuti mukapeza kangachepe zitheka. Tinasonkha ndalama, magazi anapezeka. Mwanayo anachira, tithokoze Mulungu. Koma funso langa ndi ili: magazi amene kunalibe madzulo anachokera kuti ndalama zitatuluka? Inu mukupereka mwaulere, mukupatsidwa chakumwa ndi mabisiketi, wina akumanga nyumba ndi magazi anuwo. Ine mtima umenewo ndilibe.

Amake Dalitso (Mtendere): A Sakala, zimenezo n'zowawa, pepani. Sindingakutsutseni kuti simunazione.

Sista NaPhiri: Achimwene a Sakala, ndawerenga ndipo zandipweteka monga munthu wovala yunifomu. Amene anachita zimenezo ndi wakuba, ndipo munthu wotere ngoyenera kukamunenera kwa akuluakulu a chipatalacho. Nthawi zina si wantchito n'komwe, ndi anthu ongozungulira m'makonde amene amaona kuti magazi atsala pang'ono kufika kuchokera kunkhokwe, n'kutsogola kukatenga ndalama kwa achibale osokonezeka mutu. Sindikudziwa kuti kwa inu zinali zotani. Koma taganizani: wakubayo mphamvu zake zili pati? Zili pa kusowa. Furiji ikakhala yodzaza, dokotala akalemba, thumba limabwera, ndipo palibe amene angakukokereni pambali. Mukakana kupereka, wakuba uja simunamulange, mwamuwonjezera msika. Amene mwamulanga ndi mwana wa munthu wina amene amalume ake alibe kangachepe.

Sakala wa minibasi: Ndamva Sista. Koma mkwiyo sutha ndi uthenga umodzi.

Atate Mbewe (Chelstone): Mwachoma bwanji ana anga. Ine zaka zandipitirira, malire operekera magazi ndi zaka 65, ndiye tsopano ndimangoperekeza adzukulu. Koma m'masiku anga ndinapereka kwa nthawi yaitali, ndipo ndikufuna kunena za mantha, chifukwa a Sakala anena za mkwiyo koma ambiri chimene chimawagwira ndi mantha, kungoti sanena.

Tikukula kumudzi, makolo athu ankatisimbira za banyama. M'nthawi ya atsamunda, dziko lino likadali Northern Rhodesia, kunafala mbiri yoti kuli anthu otumidwa ndi azungu amene amagwira anthu usiku n'kuwapopa magazi. Galimoto yachilendo ikaima pamsewu, mudzi wonse umathawira kuthengo. Mantha amenewo sanafe, anangosintha malaya. Lero mumva kuti magazi akupita kwa a Satana, mawa mumva kuti akutumizidwa kunja. Ine nditayamba kupereka, amayi anga analira ngati ndamwalira. Chimene chinawatembenuza mtima ndi mdzukulu wawo yemwe anadwala malungo mpaka zikhato kuyera mbee, n'kukatsitsimuka atathiridwa magazi ku St Francis ku Katete. Kuyambira pamenepo sanandiletsenso. Akale anati kupatsa n'kuika. Ine ndinkapereka ndikudziwa kuti mtundu wanga ndi waukulu, tsiku lina wina wa ife adzagona pabedi lija.

Banda wa ku Kamwala: Atate mwandikumbutsa za kwathu ku Malawi. Mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi madera ozungulira kunabuka mphekesera za anamapopa. Anthu anasiya kugona m'nyumba, anatchinga misewu, ndipo anthu angapo osalakwa anaphedwa pongowaganizira. Ogwira ntchito zaumoyo ankaopa kulowa m'midzi. Koma amayi sanasiye kubereka mwezi umenewo, ana sanasiye kudwala malungo. Ine ndinali nditabwera kale kuno kudzachita malonda a nsalu, ndipo ndinayamba kupereka chifukwa cha chisoni cha nkhani imeneyo. Ndinkafuna ndikamapita kumudzi ndizitha kuonetsa mkono wanga n'kunena kuti taonani, ndapereka, ndili moyo, ndikunyamula mabelo monga kale.

Mwale wa ku Garden: Atate Mbewe, mwambi wanuwo ndi woona, koma ndiloleni ndiwonjezere pang'ono, mwaulemu. Ena akamva kuti kupatsa n'kuika amaganiza kuti thumba lawo lalembedwa dzina, lidzawadikira. Ayi. Limapita kwa amene wafika pangozi tsiku limenelo, kaya ndi Mbemba, Mtonga, Mlozi, kaya mlendo wongodutsa. Ndipo mwina tsiku langa likadzafika furiji idzakhala yopanda kanthu. Ine ndinavomera zimenezo, ndimaperekabe. Ndikanati ndiziwerengera zobwerera ndikanasiya kalekale.

Atate Mbewe (Chelstone): Wanena zoona mwana wanga. Kuika kwake n'kuikira mudzi wonse.

Aphunzitsi a Daka: Ine chimene chinandiyambitsa ndi manyazi, ndipo ndikufuna tonse akuluakulu pagulu pano atigwireko pang'ono. Ndimaphunzitsa kusekondale. Galimoto ya a magazi ikabwera, amene amadzaza holo ndi ana a zaka 16, 17, 18. Ena abwera kusukulu atangomwa tiyi wopanda mkaka, koma amapinda malaya. Ife aphunzitsi, anthu a malipiro, a mimba zathu, tinkaima pakhomo kulondolera mzere. Tsiku lina mtsikana wina wa giredi 12 anandifunsa poyera kuti, "Nanga inu aphunzitsi simupereka?" Ndinalowa pamzere tsiku lomwelo.

Magazi ambiri m'dziko muno amachokera kwa ana a sukulu ndi a m'makoleji. N'chifukwa chake nthawi ya holide, mu April, August ndi December, mumamva pawailesi akudandaula kuti nkhokwe zaphwa. Tsono taonani December: sukulu zatsekedwa, mvula yayamba, malungo akwera, pamsewu ngozi zachuluka chifukwa cha maulendo a Khirisimasi ndi mowa. Nthawi imene magazi akufunika kwambiri ndi imene opereka ake ali kumudzi kukalima. August nayenso, tonse timakhamukira ku Mkaika ku mwambo wa Achewa wa Kulamba, mabasi odzaza pa Great East Road, kudutsa m'mapiri a Manenekela muja. Timapemphera kuti tifike bwino, koma ndani wa ife amaganiza zoyamba wasiya thumba limodzi asanakwere basi?

A WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, amati dziko limakwanitsa zosowa zake zoyambirira ngati munthu mmodzi mwa anthu 100 alionse akupereka. Kalembera wa 2022 anapeza kuti tilipo 19.6 miliyoni. Werengani nokha, ndi matumba pafupifupi 200,000 pachaka. Katundu wotere sitingasenzetse ana a yunifomu okha. Ku Zimbabwe anayambitsa Pledge 25, yoti achinyamata akamamaliza sukulu azilonjeza kupereka maulendo 25, ndipo maiko ena anatengera. Anaona vuto lomweli: mwana amapereka ali pasukulu, akamaliza galimoto siimutsatira kunyumba, basi wasiya. Tiya, iweyo uli pamphambano yomweyo.

Tiya wa ku Kalingalinga: Aphunzitsi mwandilasa. N'zoonadi, ndimadikira kuti abwerenso ndi matenti awo.

NaZulu (Bauleni): Ine ndinapitako koma anandibweza, akuti magazi ndi ochepa. Anandibaya pachala basi n'kundiuza ndibwerere kunyumba. Ndinakhumudwa, ndalama ya basi inapita pachabe.

Sista NaPhiri: Musakhumudwe amayi, anakutetezani. Pachala paja amayeza hemoglobin, chinthu cha m'maselo ofiira chimene chimanyamula mpweya m'thupi, ndipo ikakhala pansi pa 12.5 satenga, chifukwa angakusiyeni inuyo muli wodwala. Kwa ife akazi zimachitika kawirikawiri chifukwa cha kumwezi ndi uchembere. N'chifukwa chakenso amuna amabwerera pakatha miyezi 3, akazi miyezi 4. Amatenga 450 ml, pamene munthu wamkulu ali ndi malita pafupifupi 5. Madzi ake thupi limabwezera m'tsiku limodzi kapena awiri, maselo ofiira m'masabata angapo, koma ayironi ndiye amachedwa, ndipo amachokera m'mbale. Idyani kapenta, chiwindi, nyemba, vinkubala, bondwe, chiwawa, kalembula. Mukatha kudya dyani gwafa, lalanje kapena malambe, zimathandiza thupi kukoka ayironi wa m'masamba. Tiyi musamwere pa nsima, amatsekereza ayironi kulowa m'thupi, dikirani papite nthawi. Mukakayesanso n'kupezeka kuti akadali otsika, pitani kukiliniki akafufuze chifukwa chake, mwina ndi njoka za m'mimba kapena china.

NaZulu (Bauleni): Nanga madzi a masamba a kotapela aja amati amawonjezera magazi?

Sista NaPhiri: Kufiira kwa madziwo ndi kumene kumanyenga anthu. Ine ndingakuuzeni za chakudya ndi mapiritsi a ayironi a kuchipatala, zimenezo ndaziona zikukweza hemoglobin.

Amake Chisomo (Matero): Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete kuyambira m'mawa, manja akunjenjemera. Ine sindipereka kawirikawiri monga ena, chifukwa nthawi zambiri ndimakhala m'wodi. Ndili mbali inayo, ya olandira.

Mwana wanga Chisomo ali ndi sickle cell, matenda a magazi obadwa nawo. Ine ndi atate ake sitinkadziwa kuti tonse awiri tili ndi mbewu ya matendawa, tinali athanzi, ndipo palibe anatiuza zoyezetsa tisanakwatirane. Madokotala anatifotokozera pambuyo pake kuti makolo onse akakhala nayo, pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi woti mwana abadwe ndi matendawa. Ana athu ena ali bwino. Chisomo ndiye anautenga.

Maselo ake ofiira sakhala masiku 120 monga a inu ndi ine, amafa msanga, ndipo amapindika n'kutseka timitsempha. Kukazizira mu June ndi July ine sindigona. Amayamba ndi kulira miyendo, kenaka msana, mwana wamkulu ndithu kulira mokuwa mpaka oyandikana nafe kudzuka. Ndimamutsegula chikope kuona mkati, ndikapeza mwayera ndimadziwa kuti tinyamuke. Achibale poyamba ankabwera kudzapereka. Koma matendawa si a tsiku limodzi, ndi a moyo wonse, ndipo anthu amatopa, sindiwaimba mlandu. Ena a kuchimuna anafika ponena kuti ndinabweretsa tsoka pamtundu. Amene sanatope ndi anthu osawadziwa.

Ndikuuzeni mmene zimakhalira thumba likafika. Mwana amene m'mawa samatha kudzutsa mutu, milomo yotuwa, kupuma mothamanga, pofika madzulo amapempha nsima. Mawa lake akukangana ndi mnzake wa bedi linalo za mpira. Ine ndimayang'ana thumba lija, palibe dzina, pali nambala ndi gulu la magazi basi. Ndimalipempherera nambala yomweyo. Ndipo ndakhalaponso masiku amene nasi amabwera n'kunena kuti amayi dikirani, gulu lake kulibe, tatumiza uthenga. Kudikira kumeneko sindikufunira mayi aliyense. M'wodi mwathu simuli ife tokha, muli ana a malungo, ndipo tikamadutsa ku Cancer Diseases Hospital timaona enanso amene mankhwala a khansa awathera magazi, naonso akudikira matumba omwewo.

A Sakala, ndamva za ndalama zija ndipo ndikumvetsa mkwiyo wanu. Ine ndalama yopereka m'khonde ndilibe. Chimene ndili nacho ndi anthu ngati a Mwale ndi Amake Dalitso.

Amake Dalitso (Mtendere): Amake Chisomo, mwandiliza pamsika pano. Limbani mtima mayi. Gulu la Chisomo ndi liti?

Amake Chisomo (Matero): B positive.

Banda wa ku Kamwala: Ndi langa lomwelo. Sindinganene kuti anga ndi amene amafika kwa iye, koma kuyambira lero ndikamagona pabedi lija ndizidziwa amene ndikumuganizira.

Sakala wa minibasi: Mayi, sindinayankhe msanga chifukwa ndinali pamsewu, komanso ndinasowa chonena. Ndifunse chinthu china, Sista musaseke. Anzanga pa siteshoni amati ukayamba kupereka, thupi limazolowera kupanga magazi ambiri, ndiye ukasiya amasefukira, BP n'kukwera. Ena amati mphamvu za m'nyumba zimachepa. Komanso ine ntchito yanga ndi chiwongolero, ndingapereke m'mawa n'kubwerera pamsewu?

Sista NaPhiri: Sindingaseke, mafunso amenewa ndi amene amuna ambiri amafa nawo mumtima. Thupi limangobwezera amene achoka, likafika pamlingo wake limaima. Mutha kupereka zaka zambiri n'kusiya, palibe chosefukira. BP ili ndi zoyambitsa zake, mchere wambiri, kunenepa, mowa, mtundu, ndipo ubwino wake amakuyezani BP ulendo uliwonse musanapereke, ena anadziwira komweko kuti ili pamwamba. Za m'nyumba, funsani Atate Mbewe kuti ali ndi adzukulu angati. Za chiwongolero ndiye mwafunsa bwino: poti mumanyamula anthu, musapereke n'kukwera minibasi nthawi yomweyo. Ena amachita chizungulire pang'ono. Sankhani tsiku lopuma kapena mukaweruka, imwani madzi ambiri, mowa ayi tsiku limenelo, mawa lake muli pantchito. Singano ndi thumba zimakhala zatsopano, amatsegula inu mukuona, akagwiritsa ntchito amataya. Kukha kwenikweniko ndi mphindi 10 kapena kuposa pang'ono.

Atate Mbewe (Chelstone): Adzukulu alipo odzaza bwalo, a Sakala, musade nkhawa.

NaTembo (Kanyama): Ndilankhuleko ine amene sindingapereke. Ambiri pano mukudziwa kuti ndimamwa ma ARV, sindibisa. Magazi anga satengedwa ngakhale ndili wathanzi ndipo kachilombo sikaonekanso akayeza, ndipo ndikugwirizana nalo lamulolo. Pempho langa ndi kwa achinyamata: musapite kukapereka magazi ngati njira yoyezetsera mwakabisira. Kachilombo kakangolowa kumene pali masiku amene makina sakaona, koma magaziwo atha kupatsira wina. Mukanama pamafunso aja amafunsa musanapereke, amene adzalipire ndi mwana ngati Chisomo. Ngati mukukayika za kumene munayenda, pitani kukiliniki, kuyezetsa n'kwaulere, mukadziwe bwinobwino. A magazi mudzawapeza pambuyo.

Ine gawo langa ndi pakamwa. Kutchalitchi kwathu ndine amene ndimakumbutsa abusa kuti tiitane galimoto ya a magazi, ndimakonza mabenchi, ndimaphika tiyi. Ana anga awiri akuluakulu anabadwa opanda kachilombo ndipo onse amapereka. Ndikawaona ndi kathonje pamkono ndimamva ngati ndaperekanso ine.

Sista NaPhiri: Amayi NaTembo, mwanena chinthu chachikulu. N'chifukwa chakenso magazi a munthu wobwerera ndi odalirika kuposa a wachibale wokakamizidwa. Wachibale amachita manyazi kukana pamaso pa banja, ndiye amabisa zimene akudziwa. Wobwerera amayezedwa nthawi ndi nthawi ndipo amadzisunga.

Phiri wa ku Chilenje: Abale, ine ndine wa Mboni za Yehova, ndipo monga mukudziwa ife sitipereka kapena kulandira magazi chifukwa cha chikhulupiriro chathu. Sindinabwere kudzatsutsa aliyense. Ndangofuna kuti pamene mukulimbikitsana, musaone ngati amene takhala chete tilibe chifundo. Amake Chisomo, ngati pafunika galimoto usiku yopita kuchipatala, nambala yanga muli nayo, imbani nthawi iliyonse.

Aphunzitsi a Daka: A Phiri, tamva ndipo tikulemekeza. Kupereka magazi n'kodzifunira, kukakhala kokakamiza ndiye kwalakwika kale.

Amake Chisomo (Matero): Zikomo a Phiri. Usiku galimoto imavutadi.

Aphunzitsi a Daka: Ndiwonjezere kanthu kamodzi ka m'kalasi. Pa 14 June dziko lonse limakumbukira opereka magazi. Tsikuli ndi lobadwa la Karl Landsteiner, wa ku Austria, amene mu 1901 anapeza kuti magazi a anthu ali m'magulu, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1930. Iye asanapeze zimenezi, kuthira munthu magazi kunali kuyesa mwayi, ambiri ankafa. Pa 19 June ndi tsiku la sickle cell. Masiku awiriwa ali m'sabata imodzi, m'mwezi wozizira umene Amake Chisomo akuti sagona. Koma ine ndimauza ana kuti June amadzaza yekha chifukwa cha mawailesi ndi zikwangwani. Amene akufuna kuthandiza kwenikweni asankhe mwezi wopanda phokoso.

Tiya wa ku Kalingalinga: Ndawerenga zonse kawiri. Sista, ngati sindidikira matenti, ndipite kuti? Ndipo ndinadwala malungo mwezi watha, ndinamaliza mankhwala a Coartem, kodi andilandira?

Sista NaPhiri: Pita ku blood bank ya ZNBTS, ili mkati mwa chipatala chachikulu cha UTH, ukalowa ufunse alonda pageti akulozera. Za malungozo ukawauze zoona ndi tsiku limene unamaliza mankhwala, iwo ndiwo aone ngati nthawi yakwana kapena udikire. Chimodzimodzi amene ali ndi pakati, oyamwitsa, amene achitidwa opaleshoni posachedwa, kapena otemedwa mphini ndi kujambulitsa tattoo chaposachedwa, nenani, musabise. Thupi lisachepere makilogalamu 50. Usapite ndi njala, idya kaye, umwe madzi, utenge kakhadi kako.

Amake Dalitso (Mtendere): Yanga miyezi 4 ikukwana kumapeto kwa mwezi uno. Tiya, ngati akuuza kuti udikire, tidzapitire limodzi. Ine ndimakwera basi ya m'mawa, pofika 10 koloko ndimakhala nditabwerera pabenchi.

Mwale wa ku Garden: Mundiuze tsiku, ndipempha kuntchito.

Sakala wa minibasi: Ine sindikulonjeza kuti ndipereka. Koma ndikufuna ndikaone ndi maso anga mmene amatsegulira singanoyo, ndiponso ndikawafunse okha kuti thumba likachoka pamenepo limayenda bwanji mpaka kufika kuwodi, ndani amasainira. Akandiyankha zomveka tidzaona. Mukagwirizana tsiku mulembe pano, ndidzapempha mnzanga agwire minibasi.

NaZulu (Bauleni): Inenso mundiwerengere, ndikayezetsenso pachala. Sista, mapiritsi a ayironi aja ndingakapemphe kukiliniki kwathu konkuno, kapena mpaka andilembere dokotala?

Sista NaPhiri: Pitani kukiliniki kwanu konko, muwauze kuti anakubwezani kopereka magazi chifukwa cha hemoglobin. Akuyezaninso kaye, akaona kuti mukufunika akupatsani. Mukayamba kumwa chimbudzi chimada, musadabwe, ndi mankhwalawo.